Mzere Womwe Ndinaudumpha

Ndikukumbukira chaka chomwe amwenye anauzidwa kuti achoke m'masitolo a kumidzi apite m'mizinda ikuluikulu. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndili Sitandade sikisi ku Namwera, ndipo pa abale athu onse wodziwa kuwerenga Chingerezi ndinali ine ndekha. Sikuti ndikudzitama ayi. Chingerezi changacho chinali chotsimphina, koma poti panalibe wina, kalata iliyonse yochokera kuboma kapena kuchipatala inkadikira kuti ine Asiyatu ndiweruke kusukulu. Ndisakubisireni, ndinkadzimva kwabasi ndi zimenezi.

Ababa, a Twaibu, anali telala. Makina awo ankakhala pakhonde la sitolo ya mmwenye wina yemwe tonse tinkangomuitana kuti Babu, ndipo anayamba kusokera pamenepo ine ndisanabadwe n'komwe. Chiarabu ankawerenga bwino lomwe, koma zilembo za boma ankati zimawaonekera ngati nyerere zomwe wazibalalitsa ndi phazi. Atandilembetsa sukulu, anzawo a kumzikiti anawanena kwambiri. Ankati sukulu ndi ya akhristu, mwana wamkazi akapitako amabwerako atataya swala, mapemphero athu aja, ndiponso ataphunzira bodza. Ababa ankangoyankha kuti nyumba yopanda munthu wowerenga mapepala a boma ndi nyumba yopanda maso, basi n'kupitiriza kuponda makina awo.

Chinthu china chomwe aliyense ankawadziwa nacho chinali kudana ndi riba. Kwa amene si Asilamu, riba ndi ndalama yapamwamba yomwe ngongole imabereka, ija ena amati chiwongoladzanja, ena katapila. Kwa ife ndi haramu, yoletsedwa, kaya ukulandira kaya ukupereka. Koma ababa ankakhwimitsa zinthu mpaka kufika pokwiyitsa amama. Tsiku lina mlimi wa fodya yemwe anachedwa miyezi itatu kulipira mayunifolomu a ana ake anabwera ndi ndalamazo pamodzi ndi nkhuku yonenepa, akuti yopepesera kuchedwa. Ababa analandira ndalama, nkhuku n'kuibweza. Amama, omwe anali atayamba kale kusaka mpeni, anakhala masiku awiri osawalankhula.

Kuseri kwa sitolo ya Babu kunali nyumba. Ndinalowamo kamodzi kokha, popereka diresi la mkazi wake, koma zomwe ndinaona sizinachoke m'mutu mwanga: pansi pa simenti yofiira yopukutidwa mpaka kunyezimira, mawindo a galasi, ndi thanki ya madzi a mvula pakhomo penipeni pa khitchini. Ife tinkakhala m'nyumba ya udzu, yoti mvula ikayamba ndinkabisa mabuku anga mumphika n'kuvundikira. Madzi ndinkatunga kudambo m'mawa uliwonse ndisanapite kusukulu, ndipo khosi langa limakumbukirabe mpaka lero. Thanki ija ndinkaisirira kuposa chilichonse padziko.

Babu atayamba kulongedza, kunamveka kuti masitolo agulitsidwa kwa Amalawi, ndipo kuli ofesi ina kuboma ku Mangochi yomwe ibwereke anthu ndalama zogulira, chikole chake n'kukhala sitolo yomweyo. Tcheyamani wa chipani wa dera lathu, bambo wamtali wokonda kusoketsa masuti koma woiwala kulipira, anapereka dzina la ababa. Anabwera yekha pakhonde ndi mapepala atatu, n'kulengeza mokweza, kuti aliyense amve, kuti boma lawakumbukira a Twaibu. Ababa analandira ndi manja awiri ndipo sanafunse funso lililonse. Masiku amenewo sunkafunsa mafunso pa chinthu chochokera kuboma, chifukwa kufunsa kunkamveka ngati kukayikira, ndipo okayikira ena ankakwezedwa galimoto osadzaonekanso. Komanso ankadziwa kuti sitoloyo akaigula wina, iwo achotsedwa pakhonde.

Tsiku lomwelo, dzuwa litapendeka, ababa anandiitanira pamkeka kuseri kwa nyumba n'kundipatsa mapepala aja. Ndinawerenga mzere ndi mzere, ndikumasulira m'Chiyao chosakaniza ndi Chichewa monga tinkalankhulira pakhomo: mtengo wa sitolo, ndalama yoyamba yomwe anayenera kupereka okha, zaka zobwezera. Kenako pa tsamba lachiwiri, chakumunsi, ndinakumana ndi liwu lomwe ndinkalidziwa bwino kwambiri, chifukwa temu yomweyo aphunzitsi a masamu anali atatikwapula nalo. Mzerewo unkati pa makwacha khumi aliwonse, chaka chilichonse pazikhala kwacha imodzi yapamwamba. Sikuti sindinamve. Ndinamva bwinobwino, ndipo ndinadziwa kuti ndikangotchula, thanki ija yapita. Chala changa chinadumpha mzerewo n'kukatera pa wotsatira.

Nditamaliza ababa anasisita ndevu.

"Asiyatu, wawerenga zonse?"

"Zonse, ababa."

"Mulibe riba m'menemo?"

"Mulibe, ababa. Akuti mudzabweza zomwe mwatenga basi."

Anathokoza Mulungu n'kundisisita pamutu. Mawa lake ndinadzaza mapepala aja ndi dzanja langa, ndi bolopeni yatsopano yomwe anandigulira dala, ndipo iwo anadinda chala. Pankafunika mboni ziwiri. Woyamba anali tcheyamani uja, wachiwiri amwalimu Che Jafali, omwe ankatiphunzitsa kumadrasa. Iwo asanadinde anafunsa ababa funso lomwe lija la riba, ndipo ababa anandiloza ine monyadira, kuti maso awo aona kale. Ndalama yoyamba ija inachokera m'mbuzi zathu zonse zisanu ndi ndolo za amama.

Tinasamuka mvula itangoyamba. Kwa masabata angapo ndinasangalala mopanda manyazi. Ndinkatsegula mpopi wa thanki ngakhale ndilibe ludzu, kungofuna kumva madzi akugwera m'ndowa popanda kusenza. Mabuku anga ankakhala poyera pashelefu mvula ikugunda malata, ndipo anzanga a kusukulu ndinkawaitana kudzaponda simenti, koma atatsuka mapazi. Bodza lija ndinkalikumbukira apo ndi apo, koma ndinkadziuza kuti kwacha imodzi pa khumi si kanthu, ndipo ababa sadzadziwa poti wowerenga makalata onse ndine. Taonani mtima wa mwana. Ndinali nditakonza kale kumanama chaka ndi chaka mpaka ngongole idzathe.

Zinasintha Loweruka lina kumadrasa. Sabata imeneyo kumsika kunabuka ndewu, munthu wa katapila atalanda mbale ndi mabulangete a mayi wina wamasiye, choncho amwalimu anasiya phunziro la tsikulo n'kuyamba za riba. Che Jafali anali munthu wa mawu otsika, wosakonda chikoti, ndipo mwina n'chifukwa chake zonena zawo zinkalowa. Anati wodya riba waputa nkhondo ndi Mulungu mwini wake. Anatiuza za munthu yemwe adzasambire mumtsinje wa magazi, akati afike pamtunda wina n'kumuponya mwala m'kamwa kuti abwerere pakati. Anzanga anangoti kukamwa yasa, ena akuseka mwamantha. Kenako amwalimu anawerenga pa zala zawo: wolandira, wopereka, wolemba, ndi mboni ziwiri, onsewo ndi amodzi pa tchimolo.

Wolemba. Ndinayang'ana dzanja langa lamanja lili pabondo, kenako ndinayang'ana chala chachikulu cha amwalimu, chomwe chija anadinda nacho pa pepala lathu. Pa anthu asanu omwe anawawerenga, anayi ndinawaikamo ndine: ababa, tcheyamani, amwalimu omwewo, ndi ine mwini. Ndinachita mantha omwe ndinali ndisanawamvepo chibadwire. Ndinatuluka ngati ndikupita kuchimbudzi, ndipo kuseri kwa mzikiti ndinasanza.

Kuyambira tsiku limenelo nyumba ija inandiipira. Madzi a m'thanki ndinkawamwa ngati akuba, ndipo chakudya chogulidwa ndi ndalama za m'sitolo ndinkachisiya m'mbale. Mitsinje yakwathu nthawi ya dzinja imafiira ndi dothi la m'mapiri, choncho kamtsinje ka panjira ya kusukulu ndinkakawoloka nditatsinzina. Chomwe chinkandiopsa kwambiri sichinali moto wanga ine. Ndinkaona ababa, munthu wobweza nkhuku, akusambira mumtsinje uja osadziwa chomwe alakwa, akutembenuka kundifunsa ndi maso. Akangotsokomola pamakina mtima wanga unkadumpha, poganiza kuti amwalira lero ndisanawauze.

Ndinayesa kukonza zinthu mwa nzeru za mwana. Ndinayamba kusala kudya Lolemba ndi Lachinayi, amama n'kumandiyamikira kuti ndikukula mwaulemu. Ndinasiya kulemba ndi dzanja lamanja kwa masiku atatu, mpaka aphunzitsi anandikwapula dzanja lomwelo chifukwa cha zilembo zokhota. Tsiku lina ndinafufuza m'sutikesi ya ababa kuti ndipeze mapepala aja ndiwatenthe, koma nditawagwira ndinakumbukira kuti anzake ali kuboma, m'faelo, ndi zilembo zanga. Ndinawabwezera pomwe anali, pansi pa mkanjo wa chikondwerero cha Idi.

Kuulula ndiye pakamwa pankakana. Ababa ndinkawadziwa: akangomva, abweza sitolo. Ndipo kubweza chinthu chomwe boma lakupatsa pamaso pa anthu, n'kunena kuti n'chodetsedwa, tonse tinkadziwa komwe kunkathera. Tinali titaona nyumba za anthu a mpingo wina omwe anakana kugula makadi a chipani. Zinatsala zipupa zakuda zokhazokha, eni ake atathawira ku Mozambique. Ndiye ndikakhala chete ndawaponya ababa kumoto, ndikalankhula ndawapereka kwa anyamata a chipani. Ndinaonda mpaka yunifolomu inayamba kundikhwepa.

Amama anayamba ndi mankhwala a malungo, kenako a njoka za m'mimba. Zitakanika anagamula kuti ndi nsanje ya anthu, poti tinali titalowa m'nyumba ya malata, ndipo m'mawa wina anandikokera kwa Che Jafali kuti akandilembere kombe. Kombe ndi mavesi opatulika omwe mwalimu amalemba pa mbale yoyera ndi inki yachikasu, kenako n'kutsuka ndi madzi kuti wodwala amwe. Amwalimu anakhala pakhonde pawo n'kumalemba mosafulumira, milomo ikugwedezeka. Ine ndinkangoyang'ana chala chawo chachikulu chija chitagwira m'mphepete mwa mbale. Atandipatsa kapu ndinaifikitsa pakamwa, koma sindinamwe. Ndinaopa kuti mawu a Mulungu akalowa m'mimba momwe muli bodza lotere andiwotcha.

"Imwa, mwanawe, amwalimu ali ndi ntchito zina," anatero amama.

Ndinaika kapu pansi bwinobwino kuti madziwo asatayike.

"Amwalimu, nanga wolembayo akakhala mwana?"

Che Jafali anaika mbale ija pansi. Kenako anapempha amama kuti akaitane ababa kusitolo, ndipo anawauza kuti asathamange, ayende ngati palibe kanthu.

Ndinaulula zonse pakhonde pomwepo, ababa ataima tepi yoyezera ili m'khosi. Ndinatchula mzere uja monga unalembedwera, ndinatchulanso thanki, poti amwalimu anafunsa chifukwa chake. Ndinkadikira mbama. Ndinkaifuna ndithu, chifukwa mbama imawawa n'kutha. Koma ababa anangokhala pansi padothi ndi mkanjo wawo woyera, chinthu chomwe ndinali ndisanawaonepo akuchita, manja ali kunkhongo. Amama anayamba kulira chapansipansi, osati chifukwa cha riba, koma chifukwa anali ataona kale komwe nkhaniyo ikulowera.

Amwalimu analankhula modekha. Anati yemwe walowa m'chinthu asakudziwa alibe tchimo pa masiku omwe sankadziwawo, choncho iwo ndi ababa anali oyera mpaka m'mawa umenewo. Za ine anati angelo salemba machimo a mwana asanathe msinkhu, koma bodza silidikira msinkhu kuti liwononge. Tsono popeza ababa adziwa, ayenera kutulukamo msanga momwe angathere: abweze zomwe anatenga, ndipo ngati a ofesi akakamira zapamwamba za miyezi yomwe yadutsa, apereke modana nazo kuti amasuke. Kenako anatsitsa mawu, maso ali kumsewu, n'kuwonjezera kuti chipembedzo sichilamula munthu kudziponya m'kamwa mwa ng'ona. Ngati kutuluka lero kungawaphetse, atha kudikira mpata. Ababa anapukusa mutu. Anati mpata umenewo munthu amaudikira mpaka kumanda, uku akudya.

Masana omwewo anatseka sitolo, anandikhazika pa tebulo lodulira nsalu, n'kundipatsa pepala ndi bolopeni yomwe ija. Chilango changa chinali chimenecho: dzanja lomwe linawalowetsa ndilo liwatulutse. Amama anagwada n'kuwapempha kuti alembetse zoti akudwala, kapena kuti malonda sakuyenda. Ababa anati bodza limodzi latidyera kale mbuzi zisanu, lachiwiri sakulifuna. Ndipo anayamba kunena mawu, ine ndikutembenuzira m'Chingerezi: kuti akuthokoza boma, kuti sanadziwe zoti ngongoleyo imabereka, kuti chipembedzo chawo sichiwalola, kuti akubweza sitolo.

Apa m'pamene Satana anandibwereranso, ndipo ulendo uno anabwera atavala bwino. Ababa sakanadziwa zomwe ndalemba. Ndikanatha kulemba za matenda zija, iwo n'kudinda chala, n'kupulumuka. Amama anaima kumbuyo kwa ababa akundiyang'ana, ndipo ndinamva zomwe maso awo ankandipempha. Bolopeni inaima papepala mpaka inki inapanga kadontho. Sindinganame kuti ndinalemba zoona chifukwa cholimba mtima ayi. Ndinalemba chifukwa ndinali nditatopa ndi kuopa ndekhandekha. Nditamaliza ababa anati ndiwawerengere, ndipo ndinawerenga liwu lililonse misozi ikugwera patebulo, iwo n'kudinda chala.

Lolemba lotsatira tinakwera basi ya m'mawa yotsikira ku Mangochi. Amama anawamangira ababa kamtolo ka bulangete ndi mkanjo wina osanena chifukwa chake, ndipo ababa anakalandira osafunsa. Pokwera anyamata a chipani anafuna kuona makadi, ababa n'kutulutsa lawo ndi langa. Msewu wotsika mapiri aja umakhotakhota, ndipo ine njira yonse ndinali nditakumbatira envulopu pachifuwa. Pa mlatho wa Shire ndinayang'ana pansi mwangozi. Madzi anali ofiira ndi matope, odzaza mpaka m'bango. Ababa anandiuza chinthu chimodzi chokha ulendo wonsewo: kuti akapanda kutuluka muofesi, ndipite kumsika wa nsomba ndikafunse mlamu wawo wogulitsa usipa, iye adzandikweza basi yobwerera.

Ofesiyo inali kachipinda kotentha, konunkha mapepala akale ndi polishi. Kukhoma kunali chithunzi chija cha mtsogoleri wa dziko chomwe chinkapachikidwa paliponse, ndipo pakhomo panakhala mnyamata wa chipani wa malaya ofiira akudya chimanga chowotcha. Kalaliki anali bambo wochepa thupi wa magalasi, mkhristu wochokera kumpoto. Ababa anapereka kalata ndi manja awiri. Bambo uja anawerenga kamodzi, n'kuwerenganso, ndipo ndinaona thukuta likutuluka pamphumi pake. Anayang'ana ababa, anayang'ana ine, kenako anaponya diso kukhomo.

"Walemba ndani kalatayi?" anafunsa motsitsa mawu.

"Ndine, bwana," ndinatero.

Anaipinda kanayi n'kuiika m'thumba la malaya ake, osati m'faelo. Kenako anakweza mawu kuti amveke mpaka pakhomo.

"Ndamva, a Twaibu. Inu ndinu telala, za sitolo si zanu. Palibe mlandu, alipo ena akuifuna."

Ababa anatsegula pakamwa kuti awonjezere, ndipo ine ndinawakoka mkanjo ndi mphamvu zanga zonse. Anatseka pakamwa. Zomwe anafuna kunena zinali zitawerengedwa kale, kawiri, ndipo bamboyo sananame. Anangoti ndi choncho, bwana.

Tinatuluka tonse awiri, kamtolo ka bulangete kali kosamasula. Panja ababa anakhala pa muzu wa mtengo, ndipo ine ndinalira mokweza mpaka amayi ogulitsa mandasi anabwera kudzafunsa ngati kwagwa maliro. Koma kupulumukako sikunali kwaulere. Ndalama yoyamba ija sinabwerere, ndipo zapamwamba za miyezi isanu zinafunikabe, pamodzi ndi zina za mapepala. Katundu wotsala m'sitolo sanakwane, choncho ababa anagulitsa makina awo. Ndinaona ndi maso angawa munthu wina wa kumalire akuwamangirira pa njinga, ababa atamugwirira kuti asagwe, akumulangiza malo othira mafuta.

Sitolo anaitenga mphwake wa tcheyamani, ndipo pakhonde panakhala telala wina. Tcheyamani sanawalankhulenso ababa, ndipo kwa chaka chathunthu galimoto iliyonse ikaima pafupi ndi kwathu amama ankasiya chomwe akugwira n'kuima chilili. Tinabwerera m'nyumba ya udzu. Ababa ankasoka zigamba ndi singano ya pamanja pansi pa mtengo wa mango pamsika, ndipo panadutsa zaka zinayi asanapeze makina ena, akale, aphokoso ngati chigayo. Ine ndinabwerera kudambo ndi ndowa yanga, osadandaulanso za khosi. Nkhani ya mzere uja inayenda monong'onezana, ndipo anzawo a kumzikiti anapeza chonena: kodi sitinanene kuti sukulu imaphunzitsa bodza? Amalume anga anafika pouza ababa kuti andichotse sukulu andikwatitse, ndipo ine sindinaone chifukwa choti ababa akanire. Ndinkangodikira tsiku.

Patatha mwezi umodzi chibwezereni sitolo, kunabwera kalata ya envulopu yakhaki yochokera kuboma. Ndinaiona itatsomekedwa kudenga pakhonde pomwe ndinkaweruka, ndipo ndinalambalala n'kukakhala kukhitchini. Ndinkadziwa kuti aitengera kwa aphunzitsi, ndipo ndinati n'zondiyenera. Koma ababa atabwera kumsika anandiitanira pamkeka pomwe paja n'kunditambasulira kalatayo.

"Werenga."

"Ine, ababa? Bwanji osapita kwa aphunzitsi?"

"Maso anga ndiwe. Maso akakunamiza kamodzi suwakolowola. Werenga, usathamange."

Inali risiti chabe, yonena kuti ngongole yatha. Ndinawerenga zonse: dzina la ofesi, deti, nambala, mpaka timalemba ting'onoting'ono ta kumunsi tonena komwe pepalalo linasindikizidwa. Ababa anamvetsera mpaka kumapeto osandidula. Nditamaliza ndinadikira funso lija loti wawerenga zonse, koma silinabwere. Anapinda pepala, anadzuka, n'kundiuza kuti ndikachape yunifolomu isanade.

Lero ndine mayi wa zidzukulu, ndipo ndinapuma pa ntchito ya uphunzitsi. A banki anandinyengererapo kangapo, ena ndi khadi yogulira zinthu pa ngongole, ena ndi ngongole ya nyumba. Mashehe a masiku ano amakambirana zambiri za zimenezi, za munthu wobweza mwezi usanathe, za wosowa pogona pena, ndipo ine si shehe kuti ndigamule. Chomwe ndinkachita n'kupempha pepala, kuvala magalasi, ndi kuwerenga mokweza mzere uliwonse, achinyamata a pakauntala akuyang'ana wotchi. Ndikafika pa mzere uja ndinkabweza pepalalo mwaulemu. Ana anga ankati ndimawachititsa manyazi, ndipo sindinawapepesepo.

Kwa zaka zambiri ndinkaganiza kuti phunziro la chaka chimenecho linali kuopa riba, ndipo ndimaiopadi. Koma tsopano maso anga achita mdima, magalasi sakuthandizanso, ndipo wondiwerengera makalata ndi mauthenga a pa foni ndi mdzukulu wanga wa zaka khumi ndi chimodzi. Pano m'pamene ndamvetsa zomwe ababa anachita pamkeka paja. Munthu wosawerenga amaika moyo wake wonse m'manja mwa womuwerengera, ndipo iwo anauikanso kachiwiri m'manja mwa mwana yemwe anawadyera makina. Sizinali zophweka, ndipo mantha omwe anali nawo tsiku limenelo ndikuwadziwa tsopano. Mdzukulu wanga akamaliza kuwerenga, funso lija limafika pamlomo panga, loti wawerenga zonse. Ndimalimeza, n'kumuuza kuti zikomo.